Tikafika ku Harare timadyera panja: zomwe Covid ndi kolera zinatiphunzitsa

Lero tikambe za m'mimba.

Timatha tsiku lonse tikukambirana za msonkho wa pa boda, mtengo wa dizilo ndi komwe kukupezeka katundu wotsika mtengo, koma nkhani ya komwe timadyera timaitenga ngati yaing'ono. Munthu amene wanyamuka ku Blantyre, wadutsa Mwanza ndi Zobue, waoloka Zambezi pa Tete, waima pa mzere ku Nyamapanda, pofika ku Harare amakhala atatheratu ndi njala. Ndipo tisanamizane, ambirife sitidyera ku hotela. Timadyera panja: ku Mbare, pa Machipisa ku Highfield, kwa Mereki ku Warren Park, kapena pambali pa msewu wopita ku Beitbridge podikira galimoto. Mbale ya sadza, nyama yootcha, mang'ina omwe kumeneko amati mazondo, benchi, basi.

Maganizo athu ndi awa. Malo odyera a panja m'malokeshoni a Harare akuyenera kukonzedwa ndi kutetezedwa, osati kugwetsedwa nthawi iliyonse mliri ukabwera. Komanso ife amene timadyapo tisiye kuganiza kuti poti ndi panja ndiye kuti palibe choopsa. Tifotokoza chifukwa chake.

TIKUMBUKIRE CHAKA CHA 2020

Pa 30 March 2020 dziko la Zimbabwe linalowa m'bindikiro wa masiku 21, umene Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19. Masikuwo anadzawonjezedwa. Maboda anatsekedwa kwa anthu wamba, mabasi a pa Roadport anaima, makombi analetsedwa, mumzinda munatsala mabasi a ZUPCO. Zimene zinkaloledwa kuoloka ndi mathiraki a katundu. Ndiye madalaivala athu anapitiriza kuyenda m'dziko limene mbaula zinali zozima. Amene munali pa msewu nthawi imeneyo mukukumbukira: buledi wa dzana, nsomba za m'chitini, kuphika pambali pa tayala ndi kasitovu ka gasi, anthu akukuyang'anani ngati ndinu amene mwanyamula matendawo m'thumba.

Mu April, anthu ali otsekeredwa m'nyumba, makhonsolo anayamba kugwetsa zisakasa ndi mabenchi a mavenda ku Mbare, ku Highfield, ku Chitungwiza ndi m'madera ena. Chifukwa chimene chinaperekedwa n'choti malo a malonda ayeretsedwe ndi kukonzedwa anthu asanabwerere. Ku Mutare, pa msika wa Sakubva, apolisi analanda ndi kuotcha masamba ndi zokolola zina zimene alimi anabwera nazo. Kumapeto kwa mweziwo khoti lalikulu linalamula kuti kugwetsako kuimitsidwe, mabungwe a anthu okhala ku Chitungwiza ndi ku Epworth atakadandaula. Koma zambiri zinali zitagwa kale.

Maboda atatsegulidwa mu December 2020, ena mwa ife tinapita kukaona mayi wina amene tinkadya kwa iye kwa zaka zambiri m'lokeshoni ina. Pamalo pake tinapeza phulusa ndi zidutswa za njerwa. Titafunsafunsa tinakamupeza akuphikira kuseri kwa mpanda wa nyumba ya m'bale wake, kakhonde kothina, anthu asanu ndi atatu atapanikizana pa mabenchi awiri, madzi osamba m'manja ali m'beseni limodzi. Kale ankaphikira poyera, pa mphepo, ali ndi chigubu cha mpopi. Tsopano ankaphikira mobisala. Tiuzeni, ndi pati pamene matenda akanafala msanga?

Sipanapite nthawi, kumayambiriro kwa January 2021, m'bindikiro wina wa masiku 30 unabwera, ndi lamulo loti pofika 6 koloko madzulo aliyense akhale ali m'nyumba. Mphika wa mayi uja unazimanso.

ANZATHU KUNJA ANACHITA ZOSIYANA

Chimene chimatipweteka mtima n'choti m'miyezi yomweyo mizinda ya mayiko olemera inkachita zosemphana ndi zimenezi. Ku Vilnius, likulu la dziko la Lithuania, khonsolo inapereka mabwalo ndi misewu ya mumzinda kwa eni malo odyera kuti aikemo matebulo. Ku New York, kuyambira mu June 2020, malo odyera opitirira 10,000 analoledwa kutulutsa mipando panja, m'mbali mwa msewu ndi pamalo oimika galimoto. Ku London, m'dera la Soho, mu July 2020 misewu ina inkatsekedwa madzulo kuti galimoto zisadutse, anthu azidyera pakati pa msewu. Ku Paris nakonso anachita chimodzimodzi.

Sikuti anachita izi chifukwa chokonda kuothera dzuwa. Kachilombo ka Covid kamayenda mu mpweya umene timapuma. M'chipinda chotseka mawindo, mpweya wa munthu mmodzi wodwala umazungulira momwemo, aliyense n'kuupuma. Panja mphepo imaumwaza. Choncho akatswiri a zaumoyo anaona kuti ngati anthu akuyenera kudya limodzi, bola adyere panja motalikirana.

Ndiye taonani. Zimene azungu anazitulukira mu 2020 ngati nzeru zatsopano, amayi a kwa Mereki akhala akuzichita kwa zaka zambirimbiri. Umagula nyama yako pa butchala, n'kuipereka kwa mayi amene akuotchere, sadza ikubwera yotentha, iwe uli panja pafupi ndi galimoto yako. Mzinda wa Harare womwewo uli ndi First Street, msewu wa pakati pa tauni umene unatsekedwa kalekale kuti muzidutsa anthu oyenda pansi okha. Nzeru yotseka msewu kuti anthu apeze malo si yachilendo kumeneko. Kungoti sinafike m'malokeshoni, kumene anthu ambiri amakhala ndi kudyera.

KOMA AKHONSOLO SANALI OPENGA

Tisakhale anthu omva mbali imodzi. Akuluakulu a mzinda anali ndi zifukwa zawo, ndipo zina n'zomveka. Mu March ndi April 2020 palibe amene ankaudziwa bwino mliriwu. Ku Mbare Musika m'mawa anthu amachita kupondana, ndipo panja podzaza chonchi mphepo sithandiza kwenikweni. Amene amalipira lendi ndi chiphaso cha malonda amadandaula kuti anzawo a panja salipira kanthu. Ndipo pali chifukwa chachikulu kuposa zonsezi, chimene aliyense wa ku Harare amachidziwa: kolera.

Mu 2008 ndi 2009 kolera inapha anthu oposa 4,000 mu Zimbabwe, ndipo odwala anayandikira 100,000. Budiriro ndi Chitungwiza ndi ena mwa madera amene anakhudzidwa kwambiri. Mu September 2018 inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, mapaipi a zonyansa za m'zimbudzi ataphulika n'kuipitsa mijigo ndi zitsime, ndipo boma linaletsa kugulitsa zakudya m'misewu ya mzindawu. Mu November 2023 Harare inalengezanso kuti zinthu zafika poipa, kolera itavuta ku Kuwadzana ndi madera oyandikana nawo. Kwathu ku Malawi sitikusowa wotiuza. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa.

Apa ndiye pagona nkhani. Kudyera panja kumakutetezani ku matenda oyenda mu mpweya, monga Covid, chimfine ndi TB. Sikukutetezani ku matenda oyenda m'madzi ndi m'manja, monga kolera ndi tayifodi. Ku New York atatulutsa matebulo panja, khitchini inali ndi mpopi wotuluka madzi ndipo chimbudzi chinali pomwepo. Ku Glen View mpopi umatha masiku uli wouma. Mu September 2019 malo oyeretsera madzi a mzinda wonse, a Morton Jaffray, anafika poimitsa ntchito chifukwa chosowa mankhwala. Ndiye sitingangokopera za ku London n'kuziika ku Highfield. Tebulo la panja lopanda madzi abwino ndi msampha.

KUGWETSA SIKUCHIZA

Ngakhale zili choncho, funso lathu ndi lakuti: kodi kugwetsa kunathetsa vutolo? Mu 2005 panali Murambatsvina, ndipo lipoti la bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena njira yopezera ndalama. Patangotha zaka zitatu kolera yaikulu ija inabwera. Ku Lusaka mu January 2018 asilikali anachotsa mavenda m'misewu chifukwa cha kolera, koma matendawa anadzabweranso mwamphamvu kumayambiriro kwa 2024. Mavenda amachotsedwa, paipi yophulika imatsala pomwepo.

Munthu wanjala sasiya kudya chifukwa benchi yagwetsedwa, ndipo mayi wa ana anayi sasiya kuphika chifukwa chisakasa chapita. Chimene chimachitika n'choti malonda amalowa mumdima. Chakudya chimaphikidwa m'mawa kunyumba, n'kuikidwa m'mabigiri, n'kumagulitsidwa kuchokera m'buti ya galimoto masana chitazizira. Wogulitsa amene diso lake lili kwa apolisi sanyamula chigubu cha malita 20, chifukwa sangathawe nacho. Woyendera zaumoyo sangayendere malo amene sakuwadziwa. Kuthamangitsa anthu kumachotsa zinthu ziwiri zomwezo zimene zimateteza wodya: chakudya chotentha ndi madzi osamba m'manja.

Kwathu mavenda anaiona msanga mfundo imeneyi. Mu April 2020, boma la Malawi litalengeza m'bindikiro wa masiku 21, iwo anatuluka m'misewu kunena kuti njala iwapha matenda asanawapeze, ndipo khoti lalikulu linauimitsa m'bindikirowo usanayambe. Kaya munagwirizana nazo kaya ayi, mfundo inamveka: lamulo la zaumoyo limene silikuganizira za mphika silikhalitsa.

CHIMENE TIKANAKONDA KUONA

Sitikupempha zinthu zakumwamba. Pafupifupi lokeshoni iliyonse ya Harare ili ndi malo a mashopu amene anthu amasonkhanapo kale. Khonsolo itatseka kamsewu kamodzi pamenepo madzulo ndi kumapeto kwa sabata, n'kulemba malo a wophika aliyense motalikirana, anthu sangapanikizane. Paikidwe thanki ya madzi othira mankhwala, chimbudzi cholipira chokhala ndi wochisamala, ndi migolo ya zinyalala yomwe imachotsedwadi. Ophika alipire kandalama ka tsiku, alandire lisiti, ndipo aone ndi maso kumene ndalamayo ikupita. Woyendera zaumoyo azibwera kudzaphunzitsa ndi kuchenjeza, wosamvayo ndiye atsekeredwe, osati onse.

Mliri wa mpweya ukabwera, malo otere amangofunika kutalikitsa mabenchi. Kolera ikabwera, amangofunika kuonjezera mankhwala m'madzi ndi kuletsa zakudya zosaphika. Palibe chifukwa chobweretsa chigalimoto chogwetsa.

Moto utaotcha Mbare Musika mu October 2024, msika watsopano unamangidwa. Zimenezi zikutionetsa kuti akuluakulu akafuna, zimatheka. Chenjezo lathu n'loti malo alionse atsopano akhale a mtengo umene mphika wa sadza ungakwanitse. Lendi ikaposa phindu, mayi abwerera kuseri kwa mpanda.

NANGA IFEYO TICHITE CHIYANI?

Ife ndife alendo m'dziko la eni, sitivota ku Harare. Koma ndalama yathu imavota tsiku lililonse. Tikamadya kwa waukhondo, anzake amaona n'kutengera. Nazi zimene taphunzira pa msewu.

1. Yang'anani madzi musanayang'ane nyama. Ngati pali chigubu cha mpopi kapena wina akukuthirirani ndi jagi, pali sopo, khalani pansi. Ngati ndi beseni limodzi limene asambamo anthu khumi, pitani pena. Tikudziwa kuti kwathu tinakula tikusamba m'beseni limodzi, wamkulu poyamba, mwana pomaliza. Mwambo umenewo usiyeni pa boda. Onaninso madzi amene akutsukira mbale.

2. Idyani chotentha chimene mwachiona chikuchoka pa moto. Sadza ya nthunzi ndi nyama yochoka pa makala sizivuta kawirikawiri. Chimene chimagwetsa anthu ndi zapambali: kabichi, tomato ndi anyezi zosaphika, zipatso zosenda kale, ayisi, mafiriziti ndi maheu amene simukudziwa madzi ake. Nthawi ya kolera zikaneni mwaulemu. Palibe amene anafa chifukwa chodya nyama yopanda saladi.

3. Yendani ndi madzi anu. Madalaivala muli ndi malo m'galimoto, musadalire mjigo wa m'lokeshoni chifukwa choti madzi ake akuoneka oyera. Mijigo ya ku Glen View mu 2018 inkatulutsa madzi ooneka bwinobwino. Ngati mwatunga, thirani mankhwala a klorini monga mwa malangizo a pa botolo, dikirani mphindi 30 musanamwe, kapena awiritseni.

4. M'chikwama cha mapepala a katundu muikemonso mapaketi a ORS. Akasowa, tengani lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mosefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Kolera imatha kuonekera patapita maola 12 mpaka masiku 5 chidyereni, ndiye mutha kudya ku Mbare n'kudzadwalira ku Tete kapena kunyumba pakati pa ana anu. Mukayamba kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha, ooneka ngati otsukira mpunga, yambani kumwa ORS pomwepo ndipo thamangirani kuchipatala. Matendawa amapha m'maola ochepa. Ku Harare chipatala cha matenda opatsirana cha Beatrice Road chili kufupi ndi Mbare. Musanene kuti ndikafike kaye pa boda.

5. Kukamveka za matenda a chifuwa, khalani panja. Musalole kulowetsedwa m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ati pothawa apolisi, ndipo musadzazane anthu asanu m'kabini mawindo ali otseka kuti mudyere limodzi. Bola kuzizidwa pang'ono.

6. Khalani ndi wophika wanu. Nthawi ya m'bindikiro, amene anadya chakudya chenicheni ndi amene anali ndi mayi wowadziwa, womuimbira foni ali ku Mutoko kuti ateleke mphika. Ubale umenewu sumangidwa tsiku la mavuto. Mulipireni bwino, musamunyengerere mtengo ngati mukugula belo la kaunjika, ndipo yendani ndi madola ang'onoang'ono chifukwa chenji imavuta. Mukaona kuti alibe sopo, mugulireni. Ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara kuli mabanja ambiri amene agogo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Yambani ndi moni wa kwathu, mudzadabwa kumva akuyankha kuti tili bwino, kaya inu achimwene.

7. Tidziyang'anenso tokha. Ena mwa ife timadandaula za uve wa m'malokeshoni, koma usiku timadzithandiza kuseri kwa thiraki, m'mawa n'kutaya mabotolo a mkodzo m'ngalande. Mvula ikagwa zonsezo zimapita ku chitsime cha mayi yemwe uja akutiphikira. Lipirani chimbudzi. Tikamachita uve, tikupereka chifukwa kwa amene akufuna kugwetsa malowa.

8. Malo ngati kwa Mereki ndi a chisangalalo, nyimbo ndi mowa zili pomwepo. Ngati mukunyamuka m'bandakucha, idyani, lipirani, kagoneni. Pasipoti ndi mapepala a kasitomu zisachoke pathupi.

MAWU OMALIZA

Mliri wina udzabwera, kaya wa mpweya kaya wa madzi. Tsiku limenelo akuluakulu adzafuna kuoneka kuti akuchitapo kanthu, ndipo chapafupi kugwira ndi benchi ya mayi wa sadza, chifukwa paipi yophulika imafuna ndalama zambiri ndi zaka. Amene muli m'mabungwe a amalonda oyenda m'maiko ndi a madalaivala, nkhaniyi muziitchula pa misonkhano pamodzi ndi za misonkho ndi mizere ya pa boda. Malo oima mathiraki okhala ndi madzi, chimbudzi ndi chakudya chotentha ndi nkhani ya malonda, chifukwa dalaivala wodwala safikitsa katundu, ndipo wamalonda amene wagona m'chipatala cha dziko la eni amadya mpamba wonse.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chimene chinagwera amayi a ku Highfield mu 2020 chikhoza kugwera amayi a chiwaya ku Limbe, ku Mchesi kapena pa Mwanza. Ambiri mwa ife tinayambira pa benchi yomweyo tisanapeze mpamba wokaoda kunja.

Mayi uja tinamupeza kuseri kwa mpanda anabwerera poyera. Anagulanso chigubu cha mpopi, ndipo sopo amamumangirira pa chingwe kuti asabedwe. Tikafika timasamba m'manja, timakhala pa mphepo, timadya yotentha.

Muyende bwino, abale. Amene mukuoloka Nyamapanda sabata ino, musaiwale madzi.